Sabaya jakisoni, salemba mankhwala: nanga a kafukufuku amatani m'zipatala zathu?

M'kaundula wa kiliniki iliyonse ya ma ARV muli liwu limodzi lachingerezi lomwe anamwino ndi makalaliki amalilemba osaganizanso kawiri: defaulter. Mankhwala ako akatha, n'kudutsa miyezi iwiri usanaoneke pawindo, dzina lako limalowa m'gulu limeneli. Pachichewa timangoti wathawa mankhwala. Kotala ikatha, chiwerengero cha othawa chimatumizidwa ku boma, kuchoka ku boma chimakwera ku Lilongwe, ndipo pamsonkhano akuluakulu amapukusa mitu kuti anthu akumudzi samva.

Zaka zingapo zapitazo ndinagwirako ganyu yofunsa mafunso m'gulu lina la kafukufuku kuno ku Mulanje, ndipo ntchito yathu inali kukacheza ndi othawawo. Mlangizi wa zaumoyo ndiye ankatsogola kukapempha, munthu akavomera ife n'kupita. Tsiku lina mu Ogasiti tinapeza mayi wina kuseri kwa nyumba akuyanika makaka. Anatiyalira thumba la feteleza kuti tikhalepo, iye n'kukhala pansi, miyendo atatambasula. Nditamufunsa chomwe anasiyira mankhwala, anandiyang'ana kaye nthawi ndithu.

"Mwanawe, ine mankhwala sindinawathawe. Tsiku lathu lotenga linali Lachiwiri. Mu Januwale tiyi ali pachimake, akapitawo amawerenga mitu m'mamawa. Ukajomba kawiri katatu, dengu lako apatsa wina, poti ofuna ntchito ali mbwee pageti. Ndiye ndikanasankha chiti, botolo kapena ufa? Mankhwalawonso ukamwa m'mimba muli gwa amakuzunguza mutu."

Ine ndinali nditakhutira, ndikufuna kupita pa funso lotsatira. Koma mayi amene ankatitsogolera anandikodola, n'kufunsa yekha modekha: "Amayi, nanga kuesiteti kuja si kuli kiliniki? Bwanji osamatengera komweko?" Mayiyo anaseka pang'ono. Anati wogwira ntchito wina pakilinikipo amapemphera mpingo umodzi ndi akapitawo ake, ndipo iye sankafuna kuti nkhani ya magazi ake ikafike m'munda wa tiyi. Tiyi atachepa anafuna kubwerera kuchipatala cha boma, koma anaopa kukalalatiridwa pamzere, anthu akumva. Choncho m'liwu limodzi lija la m'kaundula munabisala malipiro a tsiku, njala, chinsinsi ndi manyazi, ndipo palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe mungachithetse pomuuzanso mayiyo kuti mankhwala ndi ofunika. Ankadziwa kale zimenezo kuposa ine.

Mayi wotitsogolerayo sanali dokotala kapena namwino. Anaphunzira anthropology, maphunziro ofufuza momwe anthu amakhalira ndi momwe amamvetsera zowachitikira. Anzake pantchito yotere ena amachokera ku sociology, ena ku economics, ena ku psychology, enanso ndi akatswiri a chiwerengero cha anthu. Pachingerezi amawaphatikiza onse n'kuwatcha social scientists. Kumudzi sitivutika nazo, timangoti a kafukufuku, ndipo ana akawaona ndi zikwama kumbuyo amathamanga kukanena kuti a mafunso abwera.

Dokotala amafunsa chomwe chavuta m'thupi. Wowerenga matenda amafunsa kuti adwala angati, kuti, ndipo liti. Funso la anthu awa ndi lina: n'chifukwa chiyani munthu wanzeru zake akuchita zomwe ife a kuchipatala tikuziona ngati zopanda nzeru? Mawu oti "wanzeru zake" ndiwo phata la ntchito yonse. Ukangoyamba ndi maganizo oti munthuyo ndi mbuli, wapeza kale yankho, ndipo chotsala ndi kugula zimkuzamawu ndi kusindikiza mapositala. Ukayamba ndi maganizo oti ali ndi zifukwa zake, uyenera kukhala pansi kuti uzimve.

Kukhala pansiko kuli ndi luso lake. Nthawi zina wofufuza amafika pachipatala 5 koloko m'mawa, n'kukhala pabenchi pamodzi ndi odwala mpaka madzulo, akuona amene walowa mosadikira, amene wabwezedwa, ndi nthawi yomwe windo la mankhwala latsegulidwa. Nthawi zina amacheza ndi munthu mmodzi maola awiri. Akasonkhanitsa gulu amalekanitsa atsikana ndi amayi akuluakulu, chifukwa mtsikana sangakambe za kulera amayi ake aang'ono kapena apongozi ali pomwepo. Ndipo amadziwa kuti zonena ndi zochita zimasiyana. Mukayenda khomo ndi khomo ndi pepala kufunsa ngati anthu anagona m'neti usiku wapitawu, pafupifupi aliyense avomera, poti amadziwa yankho lomwe a boma amafuna. Tsikirani kudimba, mukaipeza netiyo itatchinga mbewu za tomato kuti nkhuku zisajomphe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira ina yomwe imandisangalatsa inayambika kuno ku Malawi mu 1999. Gulu lina lomwe linkafufuza za Edzi ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi linapempha anthu ena a m'midzi momwemo kuti azilemba m'makope zomwe amamva anthu akukambirana pamaliro, pamjigo, pabawo, m'minibasi. Nthawi imeneyo m'maofesi munkamveka kuti anthu akumudzi akhala chete pa nkhani ya Edzi, ndipo akukana kuti iliko. Makopewo anaonetsa zina. Anthu ankaikamba tsiku ndi tsiku, akulozerana amene wayamba kuwonda, akuchenjezana za zibwenzi, akulangizana zothetsa banja ngati mwamuna sakusintha. Chete anali pamaso pa alendo a mafomu okha.

Zomwe maboma athu awiriwa anaphunzitsa dziko

Mulanje ndi Thyolo si malo achilendo pa nkhani zimenezi. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse m'Malawi, pafupifupi 9 anali ndi kachilombo ka HIV, koma ku Mulanje anali pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse. Bungwe la madokotala lochokera kunja la Médecins Sans Frontières linayamba ntchito ku Thyolo mu 1997, n'kuyamba kupereka ma ARV mu 2003, chaka chimodzi boma lisanayambe kupereka aulere m'dziko lonse. Madokotala anali ochepa, choncho ntchito zambiri zinatsitsidwa kwa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi odzipereka a m'midzi. Mankhwala atafika, vuto linasintha nkhope. Linakhala loti munthu aziwatenga mwezi ndi mwezi moyo wake wonse, m'boma la mapiri ndi zigwa, komwe thiransipoti ya tsiku limodzi imadya ndalama ya ndiwo ya sabata.

Yankho limodzi linachokera kwa anansi athu ku Tete, ku Mozambique, komwe mu 2008 odwala anayamba kupanga timagulu ta anthu osapitirira asanu ndi mmodzi. Mwezi uno apita mmodzi kukatengera onse, mwezi wamawa apita wina. Thyolo inayesa njirayi kuyambira 2012. Pamapepala zinkaoneka bwino, mizere inachepa. Koma anafunika anthu okacheza ndi mamembala ndi okana kulowa kuti zina zidziwike: kagulu kamapulumutsa ndalama ndi nthawi, ndipo anthu amalimbikitsana, komabe kuti ulowemo uyenera kuululira anansi ako, ndipo amene amaopa kwambiri kudziwika ndi amenenso amatsala kunja. Mayi wa makaka uja sakanalowa. Masiku ano ambiri amene akumwa bwino amapatsidwa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, ndipo kwa wothyola tiyi ndiye kuti akhoza kudutsa dzinja lonse osajomba.

Chitsanzo china ndi cha amayi oyembekezera. Mu Julaye 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kuyambitsa ndondomeko yotchedwa Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV a moyo wonse osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi, poti makina a CD4 oyezera chitetezocho anali m'zipatala zowerengeka. Nzeru imeneyi inapulumutsa ana ambiri, ndipo maiko ena anatengera. Koma ataunika manambala anapeza kuti amayi pafupifupi 17 mwa 100 aliwonse anali atasowa pomatha miyezi isanu ndi umodzi, ambiri mwa iwo osabweranso chilandirireni botolo loyamba. Manambala anathera pamenepo. Ofunsa mafunso ndiwo anamva nkhani yake. Mayi wadzuka ali bwinobwino, wapita kusikelo ya mimba, ndipo pofika masana wayezedwa, wauzidwa kuti ali ndi kachilombo, wapatsidwa botolo loti amwe mpaka imfa. Panjira yobwerera akuganiza chimodzi chokha, kuti bambo akunyumba awauza bwanji, popeza woyamba kupezeka nako ndi amene amanenedwa kuti wakabweretsa m'nyumba. Ena ankabisa botolo m'thumba la ufa, ena kwa mnzawo, ena ankangolitaya. Zomva zotere ndi zomwe zinalimbikitsa kuti pasikelo pazikhala amayi anzawo amene adutsamo kale, oti akhale nawo pambali ndi kuwayendera kunyumba.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa mankhwala a vuto limodzi amabala lina. Atamva kuti vuto ndi abambo, zipatala zambiri zinayamba kulimbikitsa kuti mayi azibwera ndi mwamuna wake kusikelo yoyamba. Malo ena obwera awiriawiri ankathandizidwa poyamba, ndipo wobwera yekha ankafunsidwa kalata ya amfumu. Nanga amene mwamuna wake ali ku Joni, kapena anakana mimba? Ena anayamba kuchedwa dala kuyamba sikelo. Tinamvanso za ena olipira wakabaza kuti aime ngati mwini mimba, n'kuyezedwa naye magazi. M'lipoti zinkaoneka kuti abambo akutenga nawo mbali. Munthu wokhala pabenchi yekha ndi amene akanazindikira kuti "mwamuna" yemweyo wabwera ndi akazi atatu sabata imodzi.

Komanso uthenga wolunjika kwa mwamuna umaiwala kuti kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja ambiri timakhala chikamwini. Mwamuna ali pamudzi wa mkazi wake. Matenda akakula, woti avomereze kuti wodwala apite ku Queens nthawi zambiri ndi amalume, mwinimbumba, ndipo matenda a uchembere akayamba, onena kuti nthawi yakwana ndi amayi ake ndi agogo a mtsikanayo, bambo ali panja. Akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, analemba mu 1994 kuti mayi amamwalira pobereka chifukwa cha kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika. Kuchedwa koyambako kumachitikira m'nyumba, pakati pa achibale, ndipo wosadziwa amene ali ndi mawu m'nyumbamo amalalikira munthu wolakwika.

Nkhani ya azamba ndi yofanana. Boma linawaletsa kubereketsa mu 2007, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawalolanso mu 2010, kenako mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anabwera ndi ntchito ya uchembere wabwino yomwe inadalira mafumu. Midzi yambiri inaika malamulo oti wochilira pakhomo alipe mbuzi, nkhuku kapena ndalama. Chiwerengero chinakwera, moti pofika 2016 ana oposa 90 mwa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala. Ichi n'chinthu chabwino, ndipo sindikuchichepetsa. Koma funsani amene analipa mbuziyo. Kawirikawiri ndi wa kutali kwenikweni, wosauka kwenikweni, amene analibe ufa, nkhuni ndi gadiyani woti akakhale naye kuchidikiro masabata atatu, kapena anachita manyazi kukaonekera opanda beseni, zitenje zatsopano, lezala ndi pepala lapulasitiki. Chindapusa chinagwera amene anali atalephera kale.

Anamapopa

Palibe chomwe chinaonetsa kufunika kwa ntchitoyi kuposa zomwe tinaona mu 2017. Mu Sepitembala mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata anatseka misewu ndi mitengo n'kumasecha galimoto iliyonse. Anthu osachepera asanu ndi anayi anaphedwa. Mu Okutobala bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anachita kubwera kudzayankhula ndi anthu. Maambulansi anagendedwa, azaumoyo ena anazunzidwa chifukwa chonyamula chipangizo chomvetsera pachifuwa. Ndinene mosapsatira: palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anagwidwa ndi umboni, ndipo ophedwawo anali osalakwa.

Pawailesi ambiri anangoti ndi umbuli. Koma umbuli sufotokoza chifukwa chomwe mphekeserayi imabwerera nthawi zina osati zina, ndi chifukwa chomwe imakonda maboma omwewa. Inabweranso kumapeto kwa 2002, chaka cha njala, ndipo nthawi imeneyo ankati boma likugulitsa magazi a anthu kwa mabungwe akunja posinthana ndi chimanga. Kumbuyoko, pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe kuyambira 1968 mpaka 1970, kunamveka kuti magazi akupita ku South Africa kukabweza ngongole. Nkhaniyi ili ndi mafupa omwewo nthawi zonse: wamphamvu wa kutali akulemera ndi moyo wa wosauka, ndipo atsogoleri athu akudya naye.

Tsopano yang'anani malo ake. Agogo athu ambiri anachokera ku Mozambique kuyambira zaka za m'ma 1890, n'kukhala pa malo a azungu polipira ndi thukuta lawo, dongosolo lija la thangata. Lero nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri ili ndi tiyi, ndipo banja la ana asanu likulima kachigawo koti ukaponya mwala udutsa malire. Mu 2017 momwemo dziko la India linachepetsa nandolo wogula kunja, ndipo mtengo wa nandolo, mbewu yomwe mabanja ambiri kuno amadalira pa fizi ndi feteleza, unagwa pansi. Sindikunena kuti nandolo ndi amene anabala anamapopa. Koma munthu amene mbadwo ndi mbadwo waona mphamvu zake zikukwera lole kupita komwe sakudziwa savutika kukhulupirira kuti magazi akenso akhoza kukwera lole.

Onjezerani zomwe a zaumoyo timachita osaganiza. Galimoto yoyera ifika m'mudzi, anthu osadziwika atenga magazi a ana m'timabotolo, awaika m'bokosi lozizira, apita, ndipo zotsatira sizibwera. Ana asukulu apereka magazi kwa a Malawi Blood Transfusion Service, koma mwezi wotsatira mayi wa mmodzi wa iwo auzidwa kuchipatala kuti magazi kulibe. Zonsezi zili ndi mayankho omveka: magazi operekedwa ndi ochepa kuposa ofunika, sasungika nthawi yaitali, ndipo amayamba apita kukayezedwa asanagawidwe. Koma ngati palibe wafotokoza, mudzi umadzipezera yankho lake. Ntchito ya wofufuza kakhalidwe ka anthu apa ndi yogwirika. Amalangiza kuti mulowe kudzera kwa a mwene ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kuti wotenga magazi akhale ndi mlangizi amene anthu amamudziwa ndi dzina, kuti muonetse ndi supuni kuchuluka kwa magazi omwe mutenge, kuti musafike dzuwa litapendeka, ndipo kuti mubwerenso ndi zotsatira ngakhale patapita chaka. Wofufuza amene amakhala pafupi ndi anthu amaimva mphekesera ikadali kunong'onedwa pachigayo, isanafike potseka misewu.

Za Covid sinditaya nazo nthawi, tonse tikukumbuka mauthenga a pa WhatsApp onena za 666 ndi kusabereka. Mu Meyi 2021 boma linawotcha katemera 19,610 wa AstraZeneca yemwe anatha mphamvu asanabayidwe. Kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700, inabweretsanso mkangano wa maliro, achibale akukana kuti m'bale wawo akulungidwe m'pulasitiki n'kuikidwa iwo osamuona nkhope. Kumadzulo kwa Africa pa nthawi ya Ebola mu 2014, akatswiri a anthropology anathandiza kupeza njira yoika maliro mosafalitsa matenda koma achibale ndi atsogoleri a chipembedzo ali pomwepo akuona. Phunziro limenelo linalipo kale, timangoliphunziranso mliri uliwonse.

Kuyang'ananso mkati mwa mpanda

Cholakwika chachikulu chomwe ndimaona n'choti anthu awa amaitanidwa kuti akafufuze chomwe chavuta ndi anthu akumudzi, ngati kuti chikhalidwe chili kumudzi kokha. Chipatala nachonso chili ndi miyambo yake. Chili ndi akulu ndi ang'ono, zoyankhulidwa ndi zosayankhulidwa. Namwino amene amakalipira mayi wobereka mwina ali yekha usiku wonse ndi amayi asanu ndi atatu, magetsi azima, magolovesi atha, ndipo akudziwa kuti mmodzi akamwalira wofunsidwa ndi iye. Zimenezi sizimuchotsera mlandu, koma zikutanthauza kuti kumutumiza ku maphunziro a masiku atatu a "kulemekeza odwala" ku loji ina n'kumubwezera pa mavuto omwewo sikusintha kanthu, kupatula alawansi. Wofufuza wabwino amafunsanso chifukwa chomwe mlangizi wa zaumoyo sakhala m'dera lake, ndipo amapeza kuti kulibe nyumba. Amafunsa chifukwa chomwe mafomu a pulojekiti ina amadzazidwa msanga kuposa a boma. Amafunsa chomwe chimachitika ku zipatala za m'malire ngati Muloza, komwe mankhwala amawerengedwa potengera anthu a mbali ino pomwe odwala ena amachokera ku Milange.

Liwu loti chikhalidwe limakoma m'kamwa mwa akuluakulu chifukwa silifuna bajeti. Mwana akatupa miyendo ndi nkhope, banja n'kunena kuti ndi tsempho, n'zoona kuti pali chikhulupiriro choti wina mwa makolo wadumpha mwambo, ndipo n'zoona kuti kupita kaye kwa asing'anga kumachedwetsa chithandizo. Koma mukafunsa bwino mupezanso kuti asing'anga ali pamtunda wa mphindi khumi, amalandira nkhuku kapena ngongole, amamva nkhani yonse ya banjalo osayang'ana wotchi, pomwe kuchipatala mayi akagonekedwa ndi mwana masabata awiri munda ukhala osapalira. Mlangizi wina wachikulire amene ndinayenda naye sankatsutsana nawo za tsempho. Ankangoti, "Agogo, za mwambozo konzani ndithu madzulo ano, koma mawa m'mawa mwanayu tipite naye akalandire chiponde." Iyeyu sanapite ku yunivesite, koma ankachita zomwe anthropology imaphunzitsa. A economics nawonso ali ndi gawo lawo. Ku Zomba, kuyambira 2008, anayesa kupereka ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi makolo awo, ndipo anapeza kuti pakati pa atsikana asukulu olandira ndalamazo, opezeka ndi HIV anali ochepa poyerekeza ndi anzawo osalandira. Palibe mankhwala anaperekedwa pamenepo.

Nanga anthu amenewa amakhala kuti? Ku Zomba kuli Centre for Social Research ya University of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1979. Ku Blantyre aliko ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ku Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi Queens, komwe anathandiza kwambiri pa kafukufuku wa kudziyeza wekha HIV ndi kachipangizo kopaka m'kamwa. Ku Lilongwe kuli REACH Trust, yomwe inadziwika ndi kufufuza zomwe wosauka amadutsamo asanapezeke ndi TB. Koma bwerani pa tebulo la oyendetsa zaumoyo paboma. Mupeza dokotala, mkulu wa anamwino, wa zaukhondo, woyang'anira ofesi, wa zachuma, wofalitsa mauthenga. Wofufuza kakhalidwe ka anthu amafika ngati mlendo wa pulojekiti, ndi funso lomwe linalembedwa ku London kapena ku Washington, ndipo ndalama zikatha amalongedza. Dziko la America litaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale 2025, tinaona tonse kuti ntchito zomangidwa pa mapulojekiti zimatha ndi kalata imodzi. Ine ndikuona kuti boma lililonse likufunika munthu mmodzi kapena awiri otere olipidwa ndi boma, odziwa Chichewa ndi Chilhomwe, oti mkulu wa zaumoyo akhoza kuwatuma kuti, "Kudera lakuti ana sakubwera ku katemera, pitani mukamve, mundiuze pakutha pa masabata atatu." Panopa timawakumbuka moto utayaka kale. Safunsa anadya phula.

Nawonso a kafukufuku ali ndi milandu yawo, ndipo ndinali m'gulumo ndiye ndikhoza kunena. Midzi ina yafunsidwa mpaka kutopa. Bambo wina anandilandira ndi mawu oti, "Achimwene, chaka chatha munabweranso ndi mafunso omwewa, munatisiyira sopo. Zija zinatha bwanji?" Ndinalibe yankho. Mawu a anthu timawajambula m'Chichewa, wina amawamasulira m'Chingerezi mothamanga poti amalipidwa pa tsamba, ndipo mayi akanena kuti "mtima unandithawa" pofika m'lipoti zasanduka kuti anali ndi nkhawa pang'ono. Zolembazo zimatuluka m'magazini a kunja omwe namwino wa ku Thekerani sadzawaona. Dziwani kuti kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena National Health Sciences Research Committee. Muli ndi ufulu wofunsa kalata yake, wokana kuyankha, ndi wosiyira pakati, ndipo kukanako sikukhudza chithandizo chanu kuchipatala.

Kafukufuku wathu uja atatha tinakapereka zotsatira mu holo ina paboma. Titafotokoza za Lachiwiri, akapitawo ndi kuopa kukalipiridwa, mkulu wina wa chipatala chaching'ono anaimirira n'kunena kuti, "Koma madamu, izitu timazidziwa kale." Mtsogoleri wathu anavomera kuti n'zoona, kenako anamufunsa kuti m'lipoti la kotala amazilemba pamzere uti. Holo yonse inaseka, mkuluyonso anaseka. Atabwerera kwake anagwirizana ndi anzake kuti m'miyezi ya dzinja azitsegula windo la ma ARV Loweruka m'mawa, ndipo wobwerera atasowa azilandiridwa kaye ndi mnzake womwa mankhwala asanakumane ndi namwino. Zinayenda madzinja awiri. Kenako mkuluyo anasamutsidwira boma lina. Amene analowa m'malo mwake anapeza ndandanda yakale ya Lachiwiri ikadali pakhoma, ndipo lipoti lathu, lachingerezi, linali m'kabati ya ofesi ina paboma, makilomita ambiri kuchokera pachipatalapo.